Supercharger pa Camaro ya 1969: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya mphamvu ndi kutentha kwa injini

Mafunso awa amangobwera omweomwewo kwa aliyense amene wayamba kulota zoika supercharger pa galimoto zakale za ku America zija, nde ndawaika pamodzi kuti tisamangobwereza. Chitsanzo chathu ndi Chevrolet Camaro ya 1969 ya injini ya 350, V8 ya malita 5.7, chifukwa zipangizo zake sizisowa ku America ndipo injini imeneyi inalowa m'magalimoto ochuluka zedi. Zambiri mwa izi zikugwiranso pa Chevelle, Nova, olo Mustang, kungosintha manambala pang'ono.

Kodi supercharger imachita chani kwenikweni?

Imakankhira mpweya mu injini mokakamiza. Injini wamba imangokoka mpweya yokha pisitoni ikamatsika, ndipo mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere umakankha ndi mphamvu ya 14.7 psi basi (psi ndi muyezo wa kukankha kwa mpweya), supitirira pamenepo. Supercharger imazunguliridwa ndi lamba wochokera ku crankshaft nkuonjezera mpweya pamwamba pa umenewo, zomwe anthu amati boost. Mpweya wambiri umafuna petulo wambiri, ndipo ziwirizi zikapsa pamodzi mphamvu imakwera. Pa pepala, 7 psi ndi pafupifupi theka lina la mpweya pamwamba pa womwe injini imakoka kale, koma musayembekezere kuti mphamvu ikwera ndi theka, chifukwa supercharger yomweyo imadya mphamvu ina kuti izungulire komanso mpweya wake umafika wotentha. Mukapeza 30 kapena 40 peresenti mwachita bwino.

Bwanji osangoika turbo?

Mutha kutero, turbo imazunguliridwa ndi utsi wa ku ekizosi nde siidya mphamvu ya pa lamba. Koma imafuna kusintha ekizosi yonse, mapaipi a oyilo, ndipo imadzaza moto mu boneti momwe muli kale mopanikiza. Komanso tinene zoona, munthu amene akufuna supercharger pa Camaro amafunanso kulira kwake kuja ndi mphamvu yobwera pompopompo ukangoponda. Imeneyo ndi nkhani ya mtima, sitingakangane.

Mitundu ilipo ingati, nanga ndisankhe uti?

Itatu. Woyamba ndi Roots, chija chimakhala pamwamba pa injini nkutulukira pa boneti. Mtundu umenewu ndi wakale kuposa galimoto, anapanga ndi abale awiri Philander ndi Francis Roots a ku Connersville, Indiana, ndipo patent yawo ndi ya 1860, ntchito yake inali kupemerera ng'anjo zosungunulira zitsulo. Ma 6-71 otchuka aja anachotsedwa pa injini za dizilo za Detroit Diesel, za masilinda 6 a 71 cubic inches iliyonse, anyamata a mipikisano nkuyamba kuwamanga pa ma V8 awo. Roots imapereka boost kuyambira pansi penipeni, ukangokhudza moto galimoto yanyamuka, koma ma Roots akalewo amatenthetsa mpweya kwambiri ndipo mulibe poika mosavuta intercooler, choziziritsa mpweya usanalowe mu injini. Alipo ang'onoang'ono monga Weiand 142 ndi 177 amene sachita kutulukira kwambiri, ndipo alipo amakono a Eaton TVS omwe makampani monga Magnuson ndi Edelbrock amagwiritsa ntchito, amenewo ndi abwino kwambiri pa nkhani ya kutentha.

Wachiwiri ndi twin-screw, nzeru za Alf Lysholm wa ku Sweden, lero amapanga ndi Whipple ndi Kenne Bell. Kunja imafanana ndi Roots koma imafinya mpweya mkati mwake momwemo, nde siitentha ngati Roots yakale. Mtengo wake ndi wokwera ndipo ma kit ambiri amapangira injini zatsopano osati 350 yakale.

Wachitatu ndi centrifugal, yooneka ngati nkhono, imamangidwa kutsogolo kwa injini pambali pa alternator. Paxton, Vortech ndi ProCharger ndi mayina ake. Ena amati siikhala bwino pa galimoto yakale eti ndi zamakono, koma mesa Ford Thunderbird ya 1957 inali nayo ya McCulloch, Studebaker Avanti R2 ya 1963 inali ndi Paxton, ndipo Shelby GT350 ya 1966 umatha kuitanitsa ili ndi Paxton. Boost yake imakwera pamodzi ndi ma rpm, pansi imakhala yofatsa nkumalusa kumwamba.

Ine maganizo anga, ngati galimotoyo muziyendera mumsewu masiku otentha komanso pa mzere wa magalimoto, tengani centrifugal yokhala ndi intercooler. Ngati mukufuna anthu azicheuka pa chionetsero, tengani 6-71 koma muvomereze kuti boost ikhala yochepa ndipo mudzakhala mukuyang'ana singano ya kutentha nthawi zonse.

Injini yanga ndi yomwe inabwera ndi galimoto, sinatsegulidwepo. Ipirira?

Yambani mwadziwa kuti ndi 350 iti. Ya Camaro SS ya 1969, ya L48 ya 300 hp, inali ndi compression (mlingo wa kufinya mpweya mu silinda) ya 10.25:1 chifukwa nthawi imeneyo petulo anali wa lead ndipo octane, mphamvu ya petulo yokana kuphulika msanga, inali pamwamba. Kuika boost pa 10.25:1 ndi mathopu (ma cylinder head) achitsulo akale aja ndi petulo wa lero ndi kuitana mavuto dala. Ma 350 a mphamvu yocheperapo a chaka chomwecho anali pa 9.0:1, ndipo kuyambira 1971 General Motors inatsitsa compression kufika cha m'ma 8.5:1 pokonzekera petulo wopanda lead. Chodabwitsa nchakuti injini zofooka za m'ma 1970 zomwe anthu amazinyoza zija ndi zimene zimalandira bwino supercharger.

Kenako mapisitoni. Oyambirira ndi ongothira mu chikombole, ma cast, ndipo injini ikangoyamba kugogoda, petulo akamaphulika yekha nthawi isanakwane, kambali kogwira ma ring'i kamathyoka. Pa 5 kapena 6 psi ndi taiming'i (nthawi imene mapulagi amayatsa moto) yosamala amatha kukhala zaka, kupitirira apo gulani ma forged, ochita kusula olimba aja. Ndipo mukatsegula, musaiwale mpata wa ma ring'i. Ring'i ikatentha imatalika, nsonga zake zikakumana ilibe kolowera nde imathyola pisitoni. Silinda ya 350 ndi mainchesi 4.00, ndipo pa boost mpata wa ring'i yapamwamba umakhala cha m'ma 0.020 mpaka 0.024 inchi, kapena kuti theka la milimita ndi kupitirira pang'ono, koma tsatirani pepala la amene anapanga ma ring'iwo. Gasiketi ya thopu ikhale yabwino, ya MLS (ya zitsulo zopyapyala zosanjikiza) ngati thopu ndi buloko zasikimidwa mosalala, ndi ma stud m'malo mwa mabauti azaka 50 aja.

Musanagule chilichonse yezani compression ya silinda iliyonse. Injini yotopa yomwe ikusuta kale siichira ndi supercharger, imangofulumira kufa.

Ndiike boost yochuluka bwanji?

Yochepa kuposa imene mukuganizayo. Roots yopanda intercooler pa 8.5:1, khalani pa 5 mpaka 7 psi. Centrifugal ya intercooler ndi mapisitoni a forged, 8 mpaka 10 psi ndi yabwino pamsewu. Boost imasinthidwa ndi kukula kwa ma pulley, nde yambani ndi pulley yofatsa, kuonjezera nkosavuta mtsogolo.

Komanso nambala ya pa geji ija musamainyadire kwambiri. Boost ndi mpweya umene ukudikira kulowa, nde mukaika mathopu opuma bwino ndi ekizosi yotseguka geji itsika pomwe mphamvu yakwera.

Nde kutentha konse mukunenaku kumachokera kuti?

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, kumanga supercharger pa injini ndi gawo losavutalo. Kutentha kulipo kuwiri ndipo anthu amakusokoneza, amagula radiyeta yaikulu nkumaganiza kuti zonse zatheka.

Koyamba ndi kwa mpweya wolowa. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga akudziwa kuti pampu imatentha kumunsi kwake, mpweya ukafinyidwa umatentha basi. Tiyerekeze kunja kuli 30°C ndipo mukufuna 8 psi. Olo makina anu akanakhala angwiro opanda kutaya kalikonse, mpweyawo ukanakwera ndi pafupifupi madigiri 40. Centrifugal yabwino imaukweza ndi cha m'ma 55 mpaka 60, nde ukulowa mu injini uli pafupi ndi 90°C. Roots yakale imene theka la ntchito yake limangosanduka moto imatha kuukweza ndi 80, kufika cha m'ma 110°C, kuposa madzi owira. Mpweya wotero ndi wopepuka, nde mphamvu ina mwataya kale, koma choopsa ndi chakuti umapangitsa petulo kuphulika yekha nthawi isanakwane. Ndi kugogoda kuja, kumamveka ngati timiyala mu chitini, ndipo pa boost pena simukumva nkomwe chifukwa cha phokoso la ekizosi, mumangoona utsi. Radiyeta siingathandize apa olo ikule bwanji. Apa pamafunika intercooler, octane, petulo wokwanira ndi taiming'i.

Kwachiwiri ndi kwa injini yeniyeniyo. Mwa mphamvu yonse ya mu petulo, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu ndi limene limayendetsa galimoto, lina limatuluka ku ekizosi, lina limalowa m'madzi ndi oyilo. Mukachoka pa 300 hp nkufika pa 430 hp, moto wopita ku radiyeta nawo wakwera chimodzimodzi nthawi imene mwaponda. Nde onjezerani kuti intercooler mwaiika kutsogolo kwa radiyeta ikuitchinga mphepo nkumaipatsa mpweya wofunda kale, komanso lamba ndi ma pulley atenga malo amene panali fani. Mwaonjezera moto nkuchepetsa mphepo nthawi imodzi. Nchifukwa chake ndimati bajeti ya zoziziritsa ikhale yoyamba kulembedwa, supercharger ibwere pambuyo.

Intercooler ya mpweya kapena ya madzi?

Ya mpweya, air-to-air, ndi yosavuta, ilibe pampu, ilibe waya, palibe choti chife. Vuto ndi malo. Camaro ya 1969 sinapangidwe ndi maganizo amenewo, kuseri kwa gilu kuli loko wa boneti ndi chitsulo chomugwira, ndipo mapaipi a mainchesi atatu ayenera kudutsa penapake pa chimango chogwira radiyeta. Nthawi zambiri pamafunika kuboola. Ngati muli ndi Camaro RS ya zitseko zobisa magetsi zija malo amachepanso. Mapaipi akhale ndi mkombero kumapeto ndi makalampu olimba, apo ayi paipi idzavuka muli pa liwiro nkumadabwa kuti mphamvu yapita kuti.

Ya madzi, air-to-water, ili ndi kabokosi kakang'ono pafupi ndi injini, kapena pansi pa supercharger penipeni monga zimakhalira ndi ma TVS, kenako pampu yamagetsi imazunguliza madzi kupita ku karadiyeta kena kopyapyala kutsogolo. Madzi ake ndi apadera, sakhudzana ndi a injini. Imakwana m'malo opanikiza ndipo pa kuponda koyamba imaziziritsa bwino kwambiri, koma mukaponda katatu kanayi motsatizana madziwo amafunda ndipo amachedwa kuzizira, galimoto nkuyamba ulesi. Mankhwala ake ndi thanki yokulirapo, karadiyeta kokwanira ndi pampu yabwino, ambiri amatenga za Bosch. Muchotsemo mpweya wonse pothira madzi chifukwa pampu zimenezi zikakoka mpweya zimangozungulira chabe osakankha kanthu, ndipo palibe chimene chingakuuzeni ngati mulibe geji ya kutentha kwa mpweya wolowa. Geji imeneyo ikani, ndi yotchipa.

Nanga 6-71 yanga ilibe intercooler, nditani?

Chimene chimapulumutsa Roots ya makabuleta pamwamba ndi chakuti petulo amadutsa mkati mwake ndipo akamasanduka nthunzi amaziziritsako mpweya. Zilipo mbale za intercooler zoika pakati pa supercharger ndi manifold koma zimakweza chinthu chomwe ndi chachitali kale ndi mainchesi ena angapo.

Njira ina ndi kupopera madzi osakaniza ndi methanol, theka ndi theka, boost ikafika pamlingo wina. Si zachilendo, ndege za nkhondo za ku Germany zinkagwiritsa ntchito MW 50 pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo Oldsmobile Jetfire ya 1962 inkatuluka ku fakitale ndi kathanki kake. Zimagwira ntchito ndithu. Koma ngati mwatchuna injini modalira madziwo nde kathanki nkuuma kapena nozo nkutsekeka, injini ipita pa masekondi ochepa. Ikani chochenjeza, kapena tchunani kuti injini ikhale yotetezeka olo popanda madziwo, iwo akhale ongoonjezera.

Radiyeta yoyambirira ikwanira?

Kawirikawiri ayi, makamaka ngati ndi yomwe ija ya kale yodzaza dzimbiri mkati. Anthu amakangana za kopa ndi aluminiyamu. Zoona kopa amatulutsa kutentha bwino kuposa aluminiyamu, koma radiyeta zakale zili ndi timachubu ting'onoting'ono tolumikiza ndi mtovu, ndipo ukaunjika mizere inayi mphepo imavutika kudutsa, mzere womaliza umalandira mpweya wotentha kale. Ya aluminiyamu ya mizere iwiri ya machubu a inchi imodzi kapena kupitirira imachita bwino. Ndipo kutambalala kwa radiyeta kumaposa kunenepa kwake, tengani yotambalala imene ingakwane.

Chotsekera chikhale cha 15 kapena 16 psi. Psi iliyonse imakweza powirira madzi ndi pafupifupi digiri imodzi ndi theka, nde madzi osakaniza theka ndi theka ndi coolant amatha kufika cha m'ma 129°C asanawire. Koma onani kaye heater core yakale ndi mapaipi ngati angapirire. Kumalo kosagwa chisanu simufunika coolant wochuluka chonchi, madzi amanyamula kutentha bwino kuposa glycol, koma musathire madzi okhaokha a pampopi kapena a pa mjigo, aluminiyamu ndi buloko yachitsulo zikakumana m'madzi opanda mankhwala oletsa dzimbiri zimadyana.

Tsekaninso mipata yonse ya m'mbali mwa radiyeta ndi pamwamba pake ndi labala kapena siponji. Mphepo imadutsa posavuta, ikapeza mpata imazemba radiyeta. Kasipoila kakutsogolo kaja kamene ma Camaro ena anali nako sikokongoletsa chabe, kamathandiza kuti mpweya usadzazane pansi pa injini.

Fani ya lamba kapena yamagetsi?

Kaye dziwani nthawi imene galimoto yanu imatentha. Ikamatentha itaima kapena pa mzere koma nkuzizira mukathamanga, vuto ndi fani. Ikamatentha muli pa 110 km pa ola, fani ilibe mlandu, vuto ndi radiyeta, pampu, mphepo yotchingidwa kapena taiming'i.

Fani ya lamba yokhala ndi clutch ndi chikuto chake imakoka mphepo yambiri kuposa mmene anthu amaganizira, bola mapiko ake akhale theka mkati mwa chikuto theka kunja. Popanda chikuto fani imangovundula mpweya wa m'mbali. Koma lamba wa mano wa 6-71 ndi wa mainchesi atatu m'lifupi, nde pena fani imeneyo siikwananso. Apo mumapita ku zamagetsi, zokoka kuchokera kuseri kwa radiyeta osati zokankha kutsogolo. Ku America anthu akhala akuzula mafani a Lincoln Mark VIII ndi Ford Taurus ku ma scrapyard chifukwa ndi amphamvu, ena amagula a SPAL atsopano. Tifani totchipa tomangirira ndi tizingwe ta pulasitiki todutsa mu radiyeta tija tisiyeni, timaboola machubu.

Chimene chimaiwalika ndi magetsi. Fani yamphamvu imatha kukoka ma amp 30 kapena 40, poyamba kuzungulira kuposa apo, pomwe alternator zoyambirira za galimoto zimenezi zinali za ma amp 37 mpaka cha m'ma 60. Onjezani pampu ya petulo ndi ya intercooler, batire yatha muli pamsewu usiku. Ikani alternator ya ma amp 100 kapena kuposa, ma relay, ndi mawaya onenepa.

Makaniko wanga akuti tichotse thermostat kuti isamatenthe.

Musalole. Ikani ya 82°C, imene ku America amalemba 180°F. Thermostat imasunga mphamvu ya madzi mu buloko kuti asawire m'makona a thopu, komanso injini yosafunda bwino imadya ma ring'i ndi kuipitsa oyilo. Kuichotsa kumangobisa vuto kwa mphindi zingapo.

Ndasintha zonse koma ikuwirabe, chatsala nchani?

Onani pampu ya madzi. Ma kit ambiri a lamba mmodzi wa serpentine amazunguliza pampu chobwerera, nde amafuna pampu ya reverse rotation. Mukasiya yakale ija izungulira ndithu koma madzi ayenda pang'ono chabe, ndipo kunja pampu ziwirizi zimaoneka zofanana. Fani ya lamba nayo iyenera kukhala yobwerera. Pa small block palinso pampu yaifupi ndi yaitali, Camaro ya 1969 inabwera ndi yaitali pomwe za 1967 ndi 1968 zinali ndi yaifupi, nde onetsetsani kuti mabulaketi a kit yanu ndi a pampu iti.

Paipi yam'munsi ya radiyeta ikhale ndi sipuling'i mkati, apo ayi imafwamphuka pa ma rpm okwera nkutseka madzi. Ndipo chinanso, taiming'i yochedwa kwambiri pa idle ndi poyenda pang'onopang'ono imatenthetsa injini koopsa. Ambiri poopa kugogoda amabweza taiming'i yonse nkuchotsa vacuum advance, kachipangizo kofulumizitsa taiming'i poyenda mofatsa, kenako nkumadandaula kuti galimoto ikuwira m'tauni.

Oyilo naye amafuna cooler yake ngati muziponda nthawi yaitali, yokhala ndi thermostat. Ndipo ngati giyabokosi ndi ya otomatiki, TH350 kapena TH400, ipatseni cooler yapadera kuti isamathire moto wake mu radiyeta yokha.

Kabuleta ikhalebe kapena ndipite ku fuel injection?

Zonse zimatheka koma kabuleta ili ndi misampha iwiri kutengera komwe yakhala. Pa Roots kabuleta ili pamwamba, supercharger ikukoka kudzera mwa iyo, nde pansi pa kabuleta pamatha kukhalabe vacuum olo injini ili pa boost. Power valve ya kabuleta ya Holley, kavalavu koonjezera petulo mukaponda, imaganiza kuti mukungoyenda mofatsa nkukana kutsegula, petulo nkuchepa pa nthawi yomwe akufunika kwambiri. Iyenera kulumikizidwa kuti iziwerenga mpweya wa mu manifold, pansi pa supercharger. Pa manifold pomwepo pakhalenso pop-off valve, injini ikatsokomola chobwerera isaphulitse chinthu chodulacho.

Pa centrifugal mpweya ukukankhidwa kulowa mu kabuleta, nde imafunika yokonzedwera zimenezo, ya ma float osaphwanyika ndi chipewa pamwamba. Ndipo mphamvu ya petulo iyenera kukwera limodzi ndi boost, psi pa psi. Ganizani, pampu yanu ikukankha 6 psi ndipo mu kabuleta mwadzaza 8 psi ya mpweya, petulo alowa bwanji? Salowa. Pamafunika regulator yowerenga boost ndi pampu yamagetsi.

Ma EFI, ndiye fuel injection ya kompyuta, ooneka ngati kabuleta monga Holley Sniper ndi FiTech ali ndi mitundu yolandira boost ndipo ena amayendetsanso taiming'i, zomwe zimachepetsa mutu. Ine ndikanasankha zimenezo. Kaya musankha chani, injini ya 500 hp pa boost imafuna pafupifupi malita 190 a petulo pa ola mukaponda mpaka pansi, kapaipi koyambirira ka 5/16 kapena 3/8 inchi nkochepa, pitani pa theka la inchi ndi paipi yobweza petulo ku thanki kuti asamawire m'njira. Geji ya wideband, yoyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo, isasowe, pa boost muzifuna nambala yake yotchedwa lambda ikhale 0.78 mpaka 0.82, yomwe pa petulo wosasakaniza ndi cha m'ma 11.5 mpaka 12 kwa 1.

Taiming'i ndi mapulagi?

350 yopanda boost ya mathopu akale imakonda madigiri 34 mpaka 36 onse pamodzi. Pa boost mumabweza, poyambira pabwino ndi digiri imodzi pa psi iliyonse, nde pa 7 psi muli cha m'ma 27 mpaka 29. Bokosi ngati MSD 6-BTM limachita zimenezi lokha, limabweza pokhapokha boost ikabwera nkusiya taiming'i yabwino poyenda wamba. Ma point aja achotseni. Mapulagi akhale ozizirirapo ndi sitepe imodzi kapena ziwiri, mpata wake muchepetse kufika cha m'ma 0.030 inchi kuti moto usazime ndi mphamvu ya mpweya.

Camshaft yaphokoso ya overlap yambiri, nthawi imene mavalavu olowetsa ndi otulutsa ali otseguka limodzi, imataya boost ku ekizosi. Ya lobe separation ya 112 mpaka 114 ndi imene imagwirizana ndi supercharger.

Manambala a ku America agwira ntchito kuno kwathu?

Samalani ndi octane. Ku America nambala ya pa pampu ndi ya AKI, 91 kapena 93 yawo ndi pafupifupi 95 mpaka 98 pa muyezo wa RON womwe maiko ena ambiri amagwiritsa ntchito. Nde kabuku kakati 93 octane sikakunena 93 wa ku South Africa, ameneyo ndi RON ndipo ndi wotsika kuposa apo. Ngakhale 95 RON ndi wongofanana ndi 91 wa ku America.

Kenako kukwera kwa malo. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi cha m'ma 12 psi osati 14.7, nchifukwa chake injini zimafooka kumeneko ndipo supercharger imathandiza kwambiri. Koma galimoto yotchunidwa mpaka m'malire ku Johannesburg ikatsikira ku Durban ilandira mpweya wochuluka ndi pulley yomweyo, nkuyamba kugogoda. Lilongwe ili pa mamita oposa pang'ono 1,000, nde zomwezo zingachitike potsikira ku Chikwawa mwezi wa October, kotsika komanso kotentha.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe, ntchito imene inayamba mu 1982 ku Dwangwa. Ethanol amathandizako pa kugogoda koma amadya mapaipi a labala akale ndi zamkati mwa kabuleta, komanso amafuna majeti okulirapo pang'ono. Nchifukwa chake ndi bwino kuwerenga lambda pa geji osati 11.5 mpaka 12 kwa 1 ija ya petulo wosasakaniza.

Ma V8 a nthawi imeneyo alipo ku South Africa, Chevrolet SS yochokera ku Holden Monaro, Ford Fairmont GT ya 351, Capri Perana ya Basil Green, ndi Firenza Can Am ya 302. Koma amenewa chiwongolero chili kumanja pomwe ma kit a ku America anayezera galimoto za chiwongolero chakumanzere, nde mabulaketi ndi mapaipi atha kugundana ndi zina. Yezani musanaitanitse.

Boneti itsekeka?

Ndi 6-71 ayi, muboola basi. Gulani boneti ina yoti muiboole, yoyambirirayo muisunge. Centrifugal nthawi zambiri imabisala pansi pa boneti ya cowl induction, yotukuka ija imene Chevrolet inayamba kugulitsa mu 1969. Ma Roots ang'ono pena amakwana pena ayi. Ikani mibulu ya dongo pamwamba pa injini, tsekani boneti pang'onopang'ono, tsegulani nkuyeza dongolo. Musiye mpata chifukwa injini imapendekeka mukaponda.

Nanga giyabokosi, difu ndi mabuleki?

Zimalira zonse. Kilachi yoyambirira iyamba kutsetsereka, Muncie ya magiya anayi imapirirako ngati simuitayira kilachi mwankhanza, TH400 ndi yolimba kuposa TH350. Difu ya mabauti 10 ya mainchesi 8.2 ndi yofooka mukaika matayala ogwira, ya mabauti 12 kapena Ford 9-inch ndi zimene anthu amathamangira. Camaro ilibe chassis yathunthu, kutsogolo kuli subframe yomangidwa ndi mabauti, nde ikani zitsulo zolumikiza kutsogolo ndi kumbuyo kuti bodi isapindike.

Mabuleki a dilamu mawilo onse anayi pa galimoto ya 450 hp ndi misala, ikani ma disc olo kutsogolo kokha. Ndipo booster ya mabuleki imagwira ndi vacuum, nde check valve yake ikhale yamoyo kuti boost isalowemo. Chimodzimodzi paipi ya PCV, yotulutsa mpweya wa mu sampu, boost ikalowa mu sampu imatulutsa oyilo pa ma seal onse.

Bwanji osangoika injini yatsopano yokhala kale ndi supercharger?

Ambiri akuchita zimenezo. LSA ya malita 6.2, imene inali mu Cadillac CTS-V ya 2009 pa 556 hp ndi mu Camaro ZL1 ya 2012 pa 580 hp, imabwera ndi Eaton ya malita 1.9 ndi intercooler ya madzi mkati momwemo, zonse zoyesedwa ndi mainjiniya a fakitale. Ndi njira yanzeru, kungoti ukatsegula boneti sikukhalanso 1969. Ndipo karadiyeta kakutsogolo, pampu, mafani ndi thanki ya petulo ya EFI muzifunabe.

Sindikuononga mtengo wa galimoto? Nanga malamulo?

Camaro za 1969 zinapangidwa zoposa 243,000, nde wamba ya 307 kapena 350 chitani nayo zimene mukufuna. Koma Z/28 yeniyeni ya injini yake ya DZ 302, yomwenso compression yake ndi 11:1, kapena ZL1 zomwe zinapangidwa 69 zokha, musazikhudze chonde. Ngati manambala a injini akugwirizana ndi a galimoto, itsitseni muisunge nkumanga ina. Ku California galimoto za petulo za 1975 kutsika m'munsi sizipita koyezetsa utsi, nde ya 1969 ilibe vuto limenelo. Kwina kulikonse funsani a zamsewu a komwe muli, ndipo a inshulansi muwauze kuti mwasintha injini.

Tsiku loyamba kuiliza ndiyang'ane chani?

Musathamangire boost. Ilizeni, ifunde, muone ngati mafani akuyaka pa nthawi yake ndipo singano ikukhazikika pakati pa 82 ndi 95°C itaima padzuwa. Kenako yendani mofatsa, kenako pondani pang'ono pa giya imodzi wina akuyang'ana wideband, mphamvu ya petulo ndi kutentha kwa mpweya wolowa, inu maso pamsewu. Lambda ikakwera kupita ku 0.9 muli pa boost chotsani phazi pompo. Mukabwerako masulani mapulagi, mukaona timadontho takuda kapena tonyezimira ngati tsabola pa choyera chija ndiye kuti injini ikugogoda, bwezani taiming'i ndi madigiri awiri nkuyesanso. Ngati dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, ilipo pafupi, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mapisitoni asanu ndi atatu.

Injini ikazizira mangitsaninso mabauti a manifold. Pa Roots ya lamba wa mano, lambayo akhale wokhwepa pang'ono injini ili yozizira, azitha kusuntha pafupifupi masentimita awiri mukamukankha ndi chala, chifukwa manifold ndi supercharger zikatentha zimafufuma nkumukoka yekha. Mukamumanga kwambiri ali wozizira, akatentha amakoka mphuno ya crankshaft mpaka kudya bearing yakutsogolo kapena kuithyola kumene.